Tamva, Tiyankha Mawa

Tinanyamuka ku Girrawheen Lachiwiri m'mawa, tili atatu m'galimoto, kukatenga bokosi limene Anaphiri anali atalibweza kale kamodzi. Munali katundu wa amuna awo, a Mbewe, bambo a Tadala, amene anamwalira pa ngozi ku mgodi wina kuseri kwa Meekatharra m'chaka choyamba cha mliri wa Kovidi. Anali makanika wa zimagalimoto zonyamula miyala zija. Tinawaika ku Perth konkuno, pamanda tili anthu khumi okha monga lamulo linkanenera, abale a ku Dedza akuonera pafoni. A kumgodi anatumiza maluwa ndi kakhadi kotayipa. Munthu wa miyendo iwiri sitinamuone.

Patapita masabata atatu, wogawa maphukusi anagogoda pakhomo, n'kusiya bokosi pakhonde, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupempha kuti asayine ndi chala pafoni. Anaphiri anayang'ana bokosilo, anayang'ana munthuyo, n'kumuuza mwaulemu kuti alibweze komwe walitenga. Kenako anandiimbira.

"Tiya, mwamuna wanga anapita kumeneko ndi miyendo yake zaka zisanu ndi chimodzi. Sangabwerere ngati nsapato zooda. Munthu andipatse m'manja, anene kuti pepani, ndimuone nkhope. Basi."

Ulendo wonse unali wa zimenezo. Sitinkapita kukazenga mlandu kapena kukafunsa za ngoziyo, zimenezo zinali ndi eni ake. Tinkapita kukatenga pepani mmodzi wotuluka pakamwa pa munthu.

Ine ndine Tiyamike. Nthawi imeneyo ndinali pa yunivesite ku Bentley, ndikulemba za mmene Aamereka oyambirira ankakambirana zamtendere ndi Aseneka komanso mitundu ina imene anaipeza m'dzikomo. Kutchalitchi ndinali choseketsa. Ankati mwana wa ku Ntcheu wawoloka nyanja kubwera ku Australia kudzaphunzira za ku Amereka, za anthu amene anafa kalekale, pamene anzake akukumba golide. Bambo a Tadala, amene anandisunga m'nyumba mwawo miyezi yanga yoyamba, ankakonda kundifunsa ngati Asenekawo adzandilembe ntchito ndikamaliza. Anaphiri Chingerezi amachidziwa bwino, amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Koma anati namfedwa sadziyankhulira, ndiye ine ndikakhale pakamwa pawo. Wachitatu anali a Tembo, a ku Chipata koma okulira ku Lusaka, oyendetsa lole ya ndiwo zamasamba kumsika wa ku Canning Vale. Ankaimba besi mukwaya limodzi ndi malemu, ndipo galimoto inali yawo, chigalimoto chachikulu chakale chimene ankachikhulupirira kuposa m'busa.

Masiku amenewo boma linali litagawa dera lathuli m'zigawo, ndipo sunkadutsa malire popanda chifukwa chomveka. Tisanafike ku Bindoon tinapeza mzere wa magalimoto, apolisi ndi asilikali atatchinga msewu. Malole ankangowakodola kuti adutse. Ife anatiika pambali. Wapolisi anawerenga satifiketi ya imfa, anawerenga kalata ya kumgodi, n'kufunsa chifukwa chimene katunduyo sangatumizidwe pa positi. A Tembo anayamba kufotokoza kuyambira kubadwa kwa malemu, ine ndinawadula, Anaphiri anangoyang'ana kutsogolo atavala duku lawo lakuda. Wapolisiyo anati adikire kaye mawu a bwana wake.

Tinadikira kuposa ola. Galimoto ya mkaka inadutsa, ya nkhosa inadutsa, ngakhale wina wokoka kabwato anakangana pang'ono n'kubwezedwa, ife tili pomwepo. Ine ndinali nditayamba kale kupsa mtima, chifukwa ndimapsa mtima msanga ndipo sindibisa. A Tembo anadya nthochi zitatu motsatizana. Potsiriza wapolisi uja anabwera ndi mapepala athu, anawerama pawindo ataima patali ndithu, n'kuuza Anaphiri kuti pepani kwambiri ndi imfa ya amuna anu, muyende bwino. Titachoka, Anaphiri anati, "Mwaona? Sikuwawa pakamwa."

A Tembo sanagwirizane nazo. Iwo anabwera chifukwa cha ubale, koma mumtima ankaona kuti tikungotha mafuta. Anati makampani a kuno sapepesa, maloya awo amawaletsa, ndipo ngakhale atapepesa, pepani sapoletsa chilonda. Atandikhudza pamenepo ndinatsegula sukulu. Kuchokera ku New Norcia mpaka ku Dalwallinu, kunja kuli minda ya tirigu yokhayokha yodikira mvula, ndinawaphunzitsa osapuma.

Ndinawauza kuti Aseneka anali amodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi imene inkadziona ngati nyumba imodzi yaitali, iwowo ali alonda a khomo la kumadzulo. Aamereka atamenyana ndi Angerezi n'kuyamba kudzilamulira, Angerezi anakasayina mtendere osatchula n'komwe anthu amene anawathandiza kumenya nkhondoyo. Nthumwi zoyamba za Aamereka zinafika ndi mawu a wopambana: mwagonja, malo ndi athu, sayinani apa. Koma boma latsopanolo linali lanthete, ndipo mitundu ina ya kumadzulo inali ikulivutitsa kwambiri. Aseneka akanalowa nawo nkhondoyo, zinthu zikanaipa. Ndiye azungu ena atapha Aseneka awiri m'mbali mwa mtsinje wina, boma linatuma munthu kuti akazimitse motowo usanafike kudenga.

Munthuyo anafika ndi katundu ndi mapepala, akuganiza kuti amaliza msanga. Anadikira masiku ambiri, eni maliro akubwera wapansi mosathamanga. Atafika anamuphunzitsa mwambo. Nkhani siyamba anthu ali ndi misozi. Uyambe wawapukuta m'maso kuti aone, uwatsegule makutu kuti amve, uwayeretse kukhosi kuti ayankhule. Uzule nkhwangwa m'mitu ya ophedwawo, uphimbe manda awo. Ndipo mawu alionse aziyenda ndi chingwe cha mikanda ya zigoba za m'nyanja choperekedwa m'manja, chifukwa mawu opanda chogwira ndi mphepo chabe. Wina akayankhula, woyankha ankayamba wabwereza zonse zimene wamva, kuti pasakhale wodzakana. Pa nkhani yaikulu sankayankha tsiku lomwelo. Ndipo kumbuyo kwa amuna oyankhulawo kunali amayi a mbumba, amene ankasankha mafumu ndi kuwachotsa.

"Manje banapeza chani?" anafunsa a Tembo. "Malo si banabapoka?"

Apa ndinafooka, chifukwa bodza sindikanatha kunena. Ndinavomera kuti pa pangano lina malo ena anawabwezera, ndipo mpaka lero boma limawatumizira nsalu chaka ndi chaka monga linalonjezera. Koma patangopita zaka zochepa amalonda anabwera ndi mowa ndi ziphuphu n'kutenga gawo lalikulu, ndipo patapita mibadwo damu linamiza mbali ina ya kotsalako. A Tembo anamenya chiwongolero mokondwa ngati agoletsa chigoli, n'kubwereza mwambi wawo uja. Anaphiri, amene tinkayesa kuti akugona, anayankhula maso ali chitsinzire.

"Sapoletsa, a Tembo, koma amaingitsa ntchentche. Ndipo anthuwo anamukhazika pansi mzunguyo, eti Tiya?"

Ndinati eya, anamukhazika pansi.

Ku Wubin tinathira mafuta, mtengo wake wokweza tsitsi, n'kudyera chiimire pafupi ndi galimoto chifukwa mipando yonse ya m'kati anali ataimanga ndi tepi. Mayi wogulitsa anali kuseri kwa pulasitiki, ndipo anatilozera botolo la sanitaiza tisanatsegule n'komwe pakamwa. Pa malire achiwiri anatidutsitsa mosavuta. Kuchokera pamenepo tirigu anatha, nthaka inafiira, foni zinasiya kugwira, ndipo malole a ngolo zitatu ankatigwedeza akamatidutsa.

Patatsala pang'ono kufika ku Paynes Find, tayala lakumbuyo linaphulika. A Tembo anaimika galimoto bwinobwino, ndiwayamikire pamenepo, n'kutuluka akuimba mluzu, akuti ndi nkhani ya mphindi khumi. Anatsitsa sipeya. Anatsegula kumbuyo n'kuyamba kutulutsa katundu: matumba a mpiru, matumba a chibwabwa, thumba la therere, bokosi la nkhuku zoumitsa. Zonsezo ankapititsira mnzawo wa ku Zambia wokhala ku Mount Magnet, amene anali atawalirira pafoni kuti miyezi iwiri sanalawe ndiwo zakwathu. Atatulutsa zonse anaima, manja m'chiuno. Jeke anali atamusiya pakhonde ku Girrawheen kuti mpiru ukwane.

Ndinawanyoza, ndisaname. Ndinawauza kuti akweze galimotoyo ndi therere poti limaterera. Iwo anati mwana wa sukulu alibe ulemu, ndipo ngati Aseneka anga ali ndi nzeru abwere adzanyamule. Anaphiri anatenga chitenje, anayala pamthunzi wa galimoto n'kukhala. Ntchentche za kumeneko sizifuna chakudya, zimafuna m'maso ndi m'mphuno mwa munthu. Magalimoto ankabwera patalipatali, ndipo aliyense ankachepetsa liwiro, kutiyang'ana, n'kupitirira. Sindikuwaimba mlandu kwenikweni. Masiku amenewo munthu aliyense wachilendo ankaoneka ngati matenda ovala malaya.

Titakhala pafupifupi maola awiri, kagalimoto kafumbi kanaima patsogolo pathu. Munatuluka mayi wa msinkhu wanga ndi amayi ake achikulire, eni nthaka a kumeneko, Aaborijini. Wamng'onoyo anaika jeke pansi, n'kubwerera m'mbuyo kuti a Tembo amutenge. Achikulirewo anaima patali, atagwira chitseko cha galimoto yawo, chifukwa kwawo ankauopa kwambiri mliriwo. Anayang'ana duku la Anaphiri n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Nditawafotokozera anagwedeza mutu n'kunena kuti nawonso ali ndi nthawi yotero, ya chisoni, imene zonse zimaima mpaka anthu atalirana. A Tembo, ali chigonere pansi pa galimoto, anawauza monyogodola kuti tili ndi pulofesa wa mapangano a ku Amereka, ndiye ndinawafotokozera mwachidule. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kumeneko bola anakhalako pansi, ngakhale anawanamiza pambuyo pake," anatero. "Kuno palibe anakhala nafe pansi. Anangofika n'kuyamba kukumba."

Ndinachita manyazi. Zaka zitatu ndinali ndikuwerenga za anthu a kutsidya kwa nyanja, ndili m'dziko la mayiwa, osawafunsapo kanthu. Koma iwo analibe nthawi ya manyazi anga. Anatilangiza kuti tikakafika tisakadikire mu ofesi, chifukwa mu ofesi munthu amakuiwala bwino. Tikakhale kunja kwa geti, mbali ya msewu wa boma, pamene mabasi a antchito amadutsa posinthana mashifiti. Anati iwo akhalapo pa mageti ambiri. A Tembo anafuna kuwapatsa thumba la mpiru, iwo analiyang'ana n'kufunsa ngati ndi chakudya cha akalulu, koma anatenga.

Tinagona ku Mount Magnet kwa mnzawo wa a Tembo uja, amene anatilandira ngati angelo chifukwa cha therere. M'mawa tinamatitsa tayala, tinabwereka jeke, tinadutsa ku Cue, tinamwa tiyi ku Meekatharra, n'kulowa msewu wafumbi. Tinafika pa geti la mgodi Lachitatu masana.

Anatilowetsa m'kanyumba kachitsulo pafupi ndi geti. Bokosi linali patebulo, lomata ndi tepi, dzina la malemu litalembedwa ndi cholembera chakuda. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wina wa ofesi yoona za antchito, atavala masiki, waulemu wake ndithu. Anati chifukwa cha malamulo a mliri tili ndi mphindi khumi. Anati bwana wa mgodi ali pamsonkhano, ndipo poti kafukufuku wa ngoziyo sanathe, sangathe kunenapo kanthu. Anati kampani ikuganizira banja lathu pa nthawi yovutayi. Kenako anakankhira kutsogolo cholembera ndi pepala loti tisayine kuti talandira bokosilo.

Ndinayang'ana Anaphiri, iwo anandigwedezera mutu pang'ono. Ndinaimirira n'kubwereza zonse zimene mayiyo ananena, chimodzichimodzi, mosathamanga: kuti tili ndi mphindi khumi, kuti bwana ali pamsonkhano, kuti kafukufuku sanathe, kuti kampani ikutiganizira. Mawuwo atabwerera kwa mwini wake anamveka owuma ngati chikonyo, ndipo ndinaona makutu ake akufiira. Ndinamufunsa ngati ndasiyapo kanthu. Anati ayi. Ndiye ndinati, "Tamva. Tiyankha mawa." Tinatuluka, bokosi tinalisiya patebulo pomwepo.

Ndinasangalala, ndivomere. Zaka zonse zosekedwa kutchalitchi zija ndinazibwezera pa mphindi imodzi imeneyo. A Tembo okha ndi amene sanasangalale, chifukwa Lachisanu ankayenera kukhala atabwerera kumsika. Anadandaula njira yonse yobwerera ku Meekatharra, koma titafika anaimbira bwana wawo n'kumuuza kuti ali pamaliro ndipo maliro a kwathu alibe wotchi.

Lachinayi tinalawirira. Ndinapereka yankho lathu kwa mayi uja: bokosi libwere m'manja mwa munthu amene anatuma bambo a Tadala kuntchito tsiku limenelo, ndipo ayambe wayankhula ngati munthu. Anati n'zosatheka. Ndinati palibe vuto, ife sitikuthamangira kulikonse. Tinaimika galimoto kutsidya kwa msewu, a Tembo anamanga lona, Anaphiri anayala chitenje n'kukhala atatambalitsa miyendo monga amakhalira amayi pasiwa. Ine ndinakhala pambali pawo.

Mabasi a m'mawa anadutsa, nkhope zili pamawindo. Mlonda anabwera kudzatiuza kuti sitingakhale pamenepo. Ndinamufunsa kuti malo a kampani amathera pati, analoza mpanda, ndinamuthokoza. Anabwerera, ndipo patapita nthawi anabweranso ndi mabotolo atatu a madzi ozizira. Dzuwa linakwera. Fumbi la malole linkatikuta mpaka m'mano. Mayi wa ofesi uja anatuluka kawiri, koyamba ndi pepala lija, kachiwiri ndi masangweji. Masangweji tinalandira.

Cha m'ma thuu koloko mtima wanga unayamba kugwa. Ndinaganiza kuti mwina a Tembo ankanena zoona, ndipo ndakokera mayi wamasiye pafumbi chifukwa cha mabuku anga. Aseneka ankaopedwa chifukwa anali ndi ankhondo. Ife tinali ndi lona ndi jeke wobwereka. Ndinawanong'oneza Anaphiri kuti mwina tingotenga bokosilo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti mlandu suwola, ndipo ngati ndatopa ndikagone m'galimoto.

Basi yoyamba ya madzulo inatuluka pageti, inayenda pang'ono n'kuima. Munatuluka amuna asanu ndi mayi mmodzi, malaya a olenji ali mbuu ndi fumbi. Sanayandikire. Anaima motalikirana kutsidya kwa msewu, n'kuvula zipewa. A Tembo, amene tsiku lonse ankangong'ung'udza, anaimirira n'kuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi ndi besi yawo ija. Basi yachiwiri inaimanso kumbuyo kwa yoyamba, ndipo geti linatsekeka ndi magalimoto.

Sipanapite nthawi, galimoto yoyera inatulukira m'mbali. Munatsika bwana wa mgodi, bambo wamtali wa zaka za m'ma fifite, khosi lopsa ndi dzuwa, bokosi lili kumbuyo kwa galimoto, pepala lili m'manja. Anaima patsogolo pathu n'kuyamba kuwerenga. Anali mawu omwe aja a dzulo, atangowonjezera ena aatali.

Ine ndinali nditakonzeka. Kuyambira ku Bindoon ndinali ndikusula mawu m'mutu, okhudza makampani, nthaka yolandidwa, mapepala amene amasayinitsa anthu akulira. Ndinadzuka kuti ndimuthire onsewo pamaso pa antchito ake. Anaphiri anandigwira siketi.

"Ndinakutenga kuti ukhale pakamwa panga, osati mutu wanga. Khala pansi. Umuuze nayenso akhale pansi."

Ndinamuuza. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, kenako anakhala pafumbi, patali pang'ono ndi chitenje, miyendo yake yaitali ikusowa kolowera. Anaphiri anatenga botolo la madzi losatsegula n'kuligubuduzira kwa iye. Anati ndimuuze asambe m'maso, fumbi lamulowa, ndipo amwe, kukhosi kwamuuma. Anachita zonsezo ngati mwana wa sukulu. Kenako Anaphiri anati:

"Umuuze kuti pepani. Nayenso wataya munthu, ndipo ndikuona kuti palibe anamupepesa."

Makilomita onse aja, ntchentche zonse zija, kuti ife ndiye tipepese? Ndinakwiya kwambiri. Ndinawauza m'Chichewa kuti mayi, si mmene zimayendera, wolakwa ndiye amayamba. Anati mwambo akausowa eni nyumba, mlendo amawaonetsa, ndipo ndinene zimene andituma. Ndinanena. Ndinanena mouma, koma ndinanena zonse.

Bamboyo anapinda pepala lija kawiri n'kuliika m'thumba la malaya. Anavula chipewa. Atayamba kuyankhula sanayang'ane ine, anayang'ana Anaphiri. Anati iyeyo ndi amene anawanyamula bambo a Tadala kuchokera mu shedi kupita nawo kukachipatala ka pamgodi, atawagoneka pamiyendo pake. Anati kawiri konse anafika pa msewu wa kunyumba kwawo ku Girrawheen ali pa tchuthi, n'kuimika galimoto pakona, n'kubwerera, chifukwa anauzidwa kuti asanene kanthu ndipo sankadziwa kuti munthu amagogoda bwanji pakhomo lotero alibe mawu.

"Pepani, mayi Mbewe," anatero. "Pepani kwambiri. Ndinayenera kubwera ndekha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, Anaphiri anakweza dzanja. Amenewo anawamva okha. Anafunda chitenje kumutu n'kulira, kulira kwenikweni kwa kwathu kotchula dzina, ndipo kutsidya kwa msewu palibe anasuntha mpaka atamaliza. Inenso ndinalira, theka chisoni, theka ukali umene unasowa kopita.

Sindikunena kuti tinagonjetsa kampani. Kafukufuku anayenda mmene amayendera, makalata a maloya anapitirira kubwera ouma ngati kale, ndipo sindikudziwa zimene bamboyo anakumana nazo kwa mabwana ake chifukwa cha masana amenewo. Anaphiri atapukuta m'maso anaitanitsa pepala la mayi wa ofesi uja, analiwerenga lonse mosathamanga, n'kusayina.

Bamboyo anakatenga bokosi yekha, atalifungatira ndi manja awiri. A Tembo anathamangira kukatsegula kumbuyo kwa galimoto, kumene tsopano kunali malo ambiri. Anaphiri anawaletsa. Anatsegula chitseko chakutsogolo, pamene ine ndinakhala ulendo wonse, n'kundiuza kuti ndichotse chikwama changa.

"Bambo a Tadala sakwera kumbuyo ngati katundu," anatero. "Muwakhazike apa."

Bwana wa mgodi anaika bokosilo pampando. Anaima pang'ono, kenako anakoka lamba n'kulimangirira. Ine ndinakakhala kumbuyo ndi Anaphiri, ndipo a Tembo analiza galimoto, n'kuuza malemu mnzawo wa mukwaya uja chapansipansi kuti tiyeni kunyumba, mudala.